Kalata Yoopseza Si Chigamulo cha Khoti

Alembi a bungwe lathu la maliro ndi mayi ogwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, ndipo pa zaka zonse zimene ndawadziwa sindidawaonepo akunjenjemera. Ndi iwo amene amalimbana ndi zikalata za kumochale, ndi iwo amene amaperekeza matupi a abale athu kudutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda mpaka kukafika pa Mwanza. Koma Lamlungu lina adafika pamsonkhano atagwira foni ngati agwira khala la moto. Adali atalandira imelo ya m'Chingerezi yochokera ku kampani ina ya kutsidya kwa nyanja. Imeloyo inkati chithunzi cha kandulo ndi maluwa chimene chidali pa webusaiti ya bungwe lathu chili ndi mwini wake, tidachigwiritsa ntchito popanda chilolezo, choncho tilipire pasanathe masabata awiri, apo ayi nkhani ipita kwa maloya. Webusaitiyo adatikonzera ndi mwana wa mchemwali wawo, ndipo chithunzicho adangochitola pa Google monga achitira ana ambiri.

Mayiwa adakhala masiku atatu osagona tulo. Sadafunse ngati chithunzicho chidalidi cha anthuwo, kapena ngati mtengo umene ankatchulawo udali woyenera. Funso lawo lidali limodzi: “Kodi akakandinenera ku Home Affairs?” Pamsonkhanopo ena adati tifufute webusaiti yonse ndi kukhala chete. Ena adati titape m'thumba la maliro, tilipire lero lomwe, nkhani ithe. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adati tiyambe tafunsa.

Funso la mayiwa ndi limene landilembetsa nkhaniyi. Ndikuti makalata oterewa asanduka malonda, ndipo katundu amene malondawo amadalira si chithunzi ayi, koma mantha. Mantha a munthu wokhala m'dziko la eni, amene amayamba wapapasa thumba la chiphaso akangoona galimoto ya apolisi, ndiwo mantha okolola mosavuta kuposa onse. Tikapanda kudziwa chimene kalata yotere ili ndi chimene siili, tidzapitiriza kupereka ndalama za mabokosi a maliro kwa anthu amene sadationepo nkhope.

Tiyambe ndi mmene malondawa amayendera. Pali makampani amene ntchito yawo ndi kulondalonda zithunzi pa intaneti m'malo mwa ojambula ndi mabungwe ogulitsa nkhani. Makompyuta awo amayendera mawebusaiti usana ndi usiku, kuyerekeza chithunzi chilichonse ndi zimene adapatsidwa kuti aziteteze. Zikangofanana, kompyuta imajambula tsambalo ngati umboni, kalata n'kutumizidwa, ndipo ndalama zikalowa kampaniyo imadyapo gawo lake. Kompyuta sidziwa kusiyanitsa hotela yaikulu ya ku Sandton ndi mayi woluka tsitsi wa ku Diepsloot, mpingo wopemphera m'galaja, kapena gulu la chipereganyu la othyola mphesa. Onsewa amalandira mawu ofanana, masiku ofanana ndi chiopsezo chofanana. Mwini hotela amangopatsira loya wake. Ife timapatsira mtima wathu, n'kuyamba kudwala.

Koma ndisakunamizeni, abale anga, kuti lamulo palibe. Lilipo, ndipo wojambula zithunzi ndi wantchito ngati ife. Adagula kamera, adalipira ulendo, adapsa ndi dzuwa. Amene timadandaula bwana akatidula malipiro sitingati thukuta la mnzathu ndi laulere. Ku South Africa lamulo la umwini wa zaluso ndi Copyright Act, nambala 98 la 1978, ndipo limateteza chithunzi kwa zaka 50 kuchokera kumapeto kwa chaka chimene chidatulutsidwa poyera. Wojambula safunika kukalembetsa kwina kulikonse, ndiponso chithunzi sichifunika kukhala ndi chidindo kuti chitetezedwe. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa onse ali m'pangano la Berne, limene lidayamba mu 1886, lakuti dziko lililonse liziteteza luso la anthu a m'mayiko anzake monga litetezera la anthu ake. Choncho mawu akuti “ndidachipeza pa Google” sapulumutsa munthu. Google ndi msewu wodutsa pakati pa minda ya eni, si munda wako. Mawu akuti “sitigulitsa kanthu” nawonso sathetsa mlandu paokha. Mu 2018 khoti lalikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya lidaweruza nkhani ya mwana wa sukulu wa ku Germany amene adatenga chithunzi cha mzinda wa Córdoba pa webusaiti ya zamaulendo, sukulu yake n'kuika ntchito yakeyo pa webusaiti yawo. Khotilo lidati pankafunika chilolezo chatsopano cha wojambula, Dirk Renckhoff. Chigamulo chimenecho n'cha ku Ulaya, koma chikuonetsa mmene oweruza amaionera nkhani yotere.

Ndiponso lamuloli si mdani wa osauka mwa chibadwa chake. Solomon Linda adali munthu wobwera ku Johannesburg kudzafuna ntchito ngati ife. Mu 1939 adajambulitsa nyimbo yake ya Mbube ku kampani ya Gallo, kumene ankagwiranso ntchito yamanja. Nyimboyo idawoloka nyanja, idasanduka The Lion Sleeps Tonight, idalemeretsa anthu ambiri, koma iye adamwalira mu 1962 ali mmphawi. Ana ake adadzapeza kangachepe mu 2006, ndipo chimene chidawathandiza ndi lamulo lomweli la umwini wa zaluso. Choncho mkangano wanga suli ndi ojambula, suli ndi lamulo. Uli ndi anthu amene atenga lamulo lolungama n'kulisandutsa ukonde wophera matemba, ndi mitengo imene amalemba m'makalata awo ngati kuti idatsika kumwamba.

Mtengo wa m'kalata si chindapusa cha boma ndipo sudagamulidwe ndi woweruza aliyense. Ndi mtengo woyambira, monga autchulira wogulitsa kaunjika akaona kuti ndiwe mlendo. Gawo 24 la lamulo la 1978 limati mwini chithunzi akhoza kufuna chipukutamisozi pa zimene wataya, kapena m'malo mwake ndalama yoyenera imene munthu akadalipira akadapempha chilolezo. Muyeso wake ndi umenewo: kodi chithunzi chotere, pa tsamba laling'ono lotere, kwa nthawi yotere, chimagulitsidwa zingati? Khoti likhoza kuwonjezera ndalama ngati munthu adachita dala ndi mwamwano, kapena adapindula nacho kwambiri. Gawo lomwelo limatinso amene sankadziwa, ndipo adalibe chifukwa chomveka choganizira kuti chithunzicho n'chotetezedwa, salipira chipukutamisozi. Khomo limeneli n'lopapatiza, musalidalire popanda uphungu wa odziwa malamulo, koma kalata yoopseza sidzakuuzani n'komwe kuti lilipo. Tsono tiyerekeze kuti kalata ikufuna R6 000. Pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku South Africa adafika pa R28,79 pa ola, kwa wantchito wa m'nyumba ndi wa pafamu yemwe. Ndiye kuti pa malipiro amenewo R6 000 idali maola opitirira 208, kuposa mwezi wathunthu wokolopa, kuchapa ndi kulera ana a eni. Munthu amene amalemba mtengo wotere kwa bungwe la maliro, osafunsa n'komwe kuti akulembera yani, asatiuze kuti akutumikira chilungamo.

Si kalata iliyonse imene imanena zoona. Carol Highsmith, wojambula wotchuka wa ku America, adapereka zithunzi zake zambirimbiri ku Library of Congress kuti aliyense azizigwiritsa ntchito mwaulere. Kenaka adalandira kalata yomulipiritsa madola 120 chifukwa choika pa webusaiti ya bungwe lake chithunzi chimene adajambula yekha. Mu 2016 adasumira makampani a Getty Images ndi Alamy. Woweruza adakana mbali yaikulu ya dandaulo lake, koma dziko lidaona kuti makina otumiza makalatawa akhoza kulipiritsa ngakhale mwini luso. Kampani ya Righthaven ya ku Las Vegas idasumira anthu ambirimbiri chifukwa cha nkhani za m'nyuzipepala, mpaka mu 2011 makhoti adapeza kuti idalibe umwini woiyenereza kusuma. Maloya awiri a Prenda Law, amene ankaopseza anthu kuti alipire pa nkhani za mafilimu, adathera kundende, ndipo mmodzi wa iwo, Paul Hansmeier, adagamulidwa zaka 14 mu 2019. Palinso akuba enieni amene amatumiza uthenga wonamizira Facebook kapena Instagram, wakuti tsamba lanu litsekedwa chifukwa cha chithunzi, dinani apa. Mukadina n'kulemba nambala yanu yachinsinsi, tsamba lapita. Ngati mayi wojambula wodziwika dziko lonse adalandira kalata yolakwika, n'chifukwa chiyani ife tiziganiza kuti yathu idalembedwa ndi mngelo?

Tsono ndibwerere ku funso la alembi athu. Kampani yotolera ndalama za zithunzi si Home Affairs, si apolisi, si khoti. Ilibe mphamvu pa chiphaso chanu, pa pasipoti yanu kapena pa ntchito yanu. Chimene ikufuna ndi ndalama, ndipo njira yokhayo yokukakamizirani kulipira ndi kudzera kwa woweruza, kumene iyenera kuonetsa umboni. Mu 1995, pa mlandu wa Coetzee, Khoti Loona za Malamulo Oyendetsera Dziko ku South Africa lidathetsa mchitidwe wotsekera munthu m'ndende chifukwa cholephera kubweza ngongole. Gawo 34 la malamulo oyendetsera dzikolo limapereka ufulu woweruzidwa mwachilungamo kwa aliyense, osati kwa nzika zokha. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti la zantchito lidagamula kuti munthu wobwera amene chilolezo chake chogwirira ntchito chidatha ndi wantchitobe pamaso pa lamulo. Dziko limene makhoti ake adalankhula motero silidapereke kwa kampani ya zithunzi ndodo yothamangitsira anthu. Kalata ikatchula za ziphaso zanu kapena za kukumangitsani kuti mulipire msanga, isungeni bwino ndipo mukaionetse kwa loya, pakuti pamenepo woyenera kuda nkhawa ndi amene adailemba.

Komabe ndili ndi mawu owawa kwa ife eni, chifukwa njira ziwiri zimene zidatchulidwa pamsonkhano wathu zonse n'zolakwika. Kukhala chete n'kulakwa. Makalata ambiri safika kukhoti, koma ena amafika. Samani ya khoti la majisitireti imabwera ndi sherifu, ili ndi nambala ya mlandu ndi chidindo cha khoti, ndipo imakupatsani masiku 10 ogwira ntchito kuti mudziwitse khoti kuti mudziteteza. Mukaibisa pansi pa matiresi, woweruza akhoza kugamula inu kulibe, ndipo pamenepo ngongole yasanduka yeniyeni. Zindikirani kusiyana kwa zikalata ziwirizi: kalata ya kampani kapena ya loya ndi pempho lokhala ndi mano ongoonetsa, samani ndi chiyambi cha mlandu. Kulipira mwamantha nakonso n'kulakwa. Kumatanthauza kupereka ndalama kwa munthu amene sadatsimikize kuti ndi mwini, pa mtengo umene palibe adauyesa, mwinanso popanda chikalata chonena kuti nkhani yatha. Choipa koposa ndi kukatenga katapila kuti ulipire kalata, kuthawa mvula n'kugwera mumtsinje.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukalandira kalata yotere, yambani mwajambula tsamba lanu monga likuonekera, mulembe tsiku limene chithunzicho chidaikidwa ndi kumene chidachokera, kenaka muchichotse. Kuchotsa sikufafaniza zakale, koma kumaletsa ngongole kukula. Musadine malo alionse a mu imeloyo ndipo musaimbe foni, chifukwa mawu a pakamwa amakola mwini wake. Yankhani polemba, mwaulemu ndi mwachidule, kuti mwalandira kalata, mwachotsa chithunzi pamene mukufufuza, ndipo simukuvomera mlandu ulionse. Funsani zinthu zinayi. Wojambula ndani, ndipo umboni wakuti umwini uli m'manja mwa amene akudandaulayo uli kuti? Chikalata chopatsa kampaniyo mphamvu yomuimira chili kuti? Mtengowo adauwerengera motani, ndipo chithunzi chomwecho chimagulitsidwa zingati kwa wopempha chilolezo? Akudalira lamulo la dziko liti? Mwini weniweni sakhumudwa ndi mafunso amenewa. Wakuba ndiye amakwiya nawo.

Funsaninso amene adakukonzerani webusaiti, chifukwa mwina chithunzicho chidabwera ndi chilolezo chimene iye adagula, ndipo lisiti lake ndilo chishango chanu. Musasaine chikalata chovomera ngongole musanaonane ndi wodziwa malamulo. Kwathu timati mlandu suola, koma ku South Africa lamulo la Prescription Act la 1969 limati ngongole zambiri zimafa pakatha zaka zitatu kuchokera pamene mwini adadziwa, kapena akadayenera kudziwa, za ngongoleyo ndi amene ali nayo. Kuvomera ngongole kumayambitsanso kuwerenga zakazo, n'chifukwa chake ena amakuumirizani kusaina msanga. Uphungu waulere ulipo ku Legal Aid South Africa, ku zipatala za malamulo za m'mayunivesite monga ya Wits ndi ya Cape Town, ndi ku maofesi a uphungu a m'madera. Safunsa adadya phula. Ndipo umboni ukabwera, n'kupezeka kuti chithunzi n'chawodi, kambiranani mtengo, tchulani kuchepa kwa gulu lanu ndi kuti simudapindule nacho, pemphani kulipira pang'onopang'ono, ndipo musatulutse ndalama popanda chikalata chosainidwa chonena kuti mlandu wonse watha.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene imandiwawa kuposa zonse. Tsegulani mawebusaiti a minda ya mphesa, a makampani opezera anthu antchito a m'nyumba ndi a ogulitsa zithunzi. Mudzapeza ife. Mayi wosekerera atanyamula dengu la mphesa, manja akuda akufinya chokolopera, mwana ali kumbuyo pakati pa fodya. Mwa lamulo, umwini wa chithunzi kawirikawiri umakhala wa wojambula kapena wa amene adamulemba ntchito, osati wa munthu amene ali pachithunzipo. Antchito a m'minda ya ku De Doorns atanyanyala ntchito kumapeto kwa 2012, kufikira malipiro a tsiku adakwera kuchoka pa R69 kufika pa R105 mu Malichi 2013, zithunzi zawo zidayenda dziko lonse. Ambiri mwa amene ali pazithunzizo alibe umwini pa icho ndi chimodzi chomwe, ndipo gulu lawo litati litenge chimodzi n'kuchiika pa tsamba lake popanda chilolezo, likhoza kulandira kalata yolipiritsidwa chifukwa cha nkhope zawo zomwe. Lamulo limalola kugwiritsa ntchito luso la wina mwachilungamo pofalitsa nkhani za zimene zikuchitika kapena pounika lusolo, potchula mwini wake, koma silifika pa kukongoletsa tsamba. Dongosolo limene limathamangira kuteteza chithunzi cha wantchito pamene wantchitoyo akudikira miyezi kuti dandaulo la malipiro ake limveke, lili ndi chilema, ndipo tisachite manyazi kunena.

Yankho lake lili m'matumba mwathu. Pafupifupi aliyense wa ife ali ndi foni yojambula. Chithunzi chimene mwajambula nokha n'chanu, ndipo palibe kompyuta ya kutsidya kwa nyanja imene ingakulipiritseni. Ku South Africa, mukalemba wojambula ntchito kuti ajambule ukwati, maliro kapena msonkhano wanu n'kumulipira, gawo 21 la lamulo la 1978 limati umwini ndi wanu pokhapokha mutagwirizana zina, choncho werengani musanasaine. Mukafuna chithunzi cha ena, pitani kumene zimaperekedwa ndi chilolezo cha Creative Commons, monga ku Wikimedia Commons, koma tsatirani mfundo zake zonse: tchulani wojambula ndi mtundu wa chilolezocho. Pali anthu amene amatchera msampha pomwepo, kulipiritsa amene waiwala kutchula dzina. Chilolezo cha mtundu wa 4.0, chimene chidatuluka mu 2013, chimapereka masiku 30 okonzera cholakwa mukachizindikira, pamene mitundu yakale ilibe mwayi umenewo. Ndipo popeza timadziwa kuwawa kwa kujambulidwa osafunsidwa, tizipempha chilolezo kwa anzathu tisanaike nkhope zawo poyera, makamaka amene zikalata zawo sizili bwino.

Kwa mabungwe oimira antchito ndikuti nkhaniyi musaione ngati yachibwana. Gulu la maliro, mpingo ndi chipereganyu ndizo nsanamira za moyo wa wobwera, ndipo kalata imodzi ikhoza kugwetsa thumba limene anthu adasonkha zaka zambiri. Konzani kalata yachitsanzo yoyankhira, m'Chichewa, m'Chishona, m'Chisutu ndi m'Chingerezi. Sonkhanitsani makalata amene mamembala alandira kuti tione amene amawatumiza ndi mitengo imene amatchula. Kwa ojambula amene adapereka zithunzi zawo kwa makampaniwa ndikuti funsani zimene zikuchitika m'dzina lanu. Muli ndi mphamvu yowauza kuti gulu laling'ono losachita malonda liyambe lapemphedwa kuchotsa chithunzi lisanalipiritsidwe. Wojambula amene amadya za kujambula umphawi wathu, n'kutitumiziranso wokhometsa, wadya kawiri m'mbale imodzi.

Nkhani ya bungwe lathu idatha motere. Sitidafufute webusaiti ndipo sitidakhudze thumba la maliro. Tidachotsa chithunzi, tidapita kwa opereka uphungu wa zamalamulo, tidalemba mafunso athu. Umboni udabwera, ndipo chithunzicho chidalidi cha wojambula wina. Tidakambirana, tidalipira ndalama yosafika ngakhale theka la imene ankafuna poyamba, tidasonkherana pambali, ndipo chikalata chotseka nkhani chili m'faelo ya alembi. Tidalipira chifukwa tidalakwa, osati chifukwa tidaopa, ndipo tidalipira mogwirizana ndi kukula kwa cholakwacho. Pamalo pa kandulo ya eni ija pali tsopano chithunzi chimene adajambula membala wathu, cha amayi a bungwe atazungulira miphika pa tsiku loperekeza m'bale wathu wina kumudzi, onse atavomera kujambulidwa. Kalata yotere ikakupezani, musaiwerenge nokha usiku. Ibweretseni kumsonkhano, muiwerenge mokweza pamaso pa anzanu, ndipo muyankhe pamodzi.